Tigalasi ta a Gogoda

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda a Mbewe kwawo ku Ntcheu, ndipo kuno ku Kawale palibe ndi mmodzi yemwe amene wawatchula. Ine ndiwatchula. Dzina lawo linali Yotamu Mbewe, koma mukafunsa dzina limenelo anthu akuyang'anani ngati mwasochera. Nenani kuti a Gogoda, mphunzitsi wa masamu uja, muona nkhope zikusintha. Ena aseka, ena alavulira pambali, ndipo alipo amayi amene mpaka lero amakokera mwana kufupi.

Dzinalo anawapatsa ndi ana asukulu chifukwa cha kayendedwe kawo. Anali munthu wamtali, wowonda, wa imvi mutu wonse, ndipo sankayenda kamtunda osaima. Ankati akuyenda, mwadzidzidzi n'kuima pakati pa njira, n'kugogoda pansi ndi chidendene katatu, go go go, mutu atapendeketsa ngati munthu amene waodira pakhomo ndipo akudikira kuti am'yankhe. Nthawi zina ankangopitirira. Nthawi zina ankapukusa mutu n'kulambalala malowo ngati pagona munthu. Tangoganizani, inu mukuchokera kumsika dzuwa lili paliwombo, mukupeza mkulu wovala tayi akumvetsera nthaka ya pakhomo panu.

Ine ndine make Tadala, wogulitsa kaunjika. Zaka zimenezo ndinali wapampando wa komiti ya makolo pa kasukulu ka sekondale ka pulaiveti kamene kanali kumunsi kwathu kuno, cha kukhwawa. Pano kulibenso. Anandisankha chifukwa cha pakamwa pangapa, sindibisa ayi. Ndikati ndinene ndimanena, ndipo masiku amenewo ndinkanena ndisanaganize.

A Mbewe anafika pasukulupo mbiri itatsogola kale. Ankati munthuyu anagwira ntchito zaka zambiri ku ofesi yofufuza za miyala, nthaka ndi madzi a pansi, kuti anazungulira dziko lonse pa galimoto yayikulu, kuti manambala a kafukufuku akavuta ankapita nawo kwa iwo, ndiponso kuti anakaphunzira kunja. Ndiye munthu wotero n'kudzagwira choko pa sukulu yopanda ndi magalasi omwe m'mawindo? Kwathu kuno munthu akatsika chotero timam'pezera chifukwa tokha: mowa, akazi, kuba, kapena kukhwima kolakwitsa chizimba. Mowa sankamwa. Akazi awo anamwalira kalekale ndipo sanakwatirenso. Za kuba sitinamve. Ndiye chinatsala n'chimodzi chomwecho.

Koma kuphunzitsa kokha, eee, ankatha. Tadala wanga, amene masamu ankamuliza misozi, anayamba kubwera kunyumba nkhani zili m'kamwa tho. M'matumba a jekete yawo munkakhala miyala, ndipo ankaiyendetsa m'kalasi kuti aliyense aigwire, ainunkhize, anene kumene yachokera. Tsiku lina anayeza msinkhu wa ana onse, n'kuwauza kuti apeze avareji. Atapeza, anafunsa kuti wa msinkhu umenewo aimirire. Panalibe. Ndiye anawauza kuti avareji ndi munthu amene sanabadwepo, alibe mayi, ndipo sadzaliridwa maliro, choncho asamam'khulupirire kuposa anthu amoyo amene ali nawo pafupi. Chimene ankabwereza kawirikawiri, mpaka ana kumawayeseza, chinali chakuti ukamawerenga zinthu n'kupeza nambala imodzi yosiyana ndi zinzake, usaithamangitse. Uikhazike pansi ngati mlendo, uifunse kumene yachokera. Za nthaka ankati ilibe changu koma siiwala chimene anthu anaikwiriramo.

Panali chinthu china chimene ana sankachimvetsa. M'mawa uliwonse, asanalembe ndi deti yomwe, ankalemba 19 pakona ya bolodi, pamwamba, n'kuizunguliza. Sankaigwiritsa ntchito pa samu ina iliyonse. Poweruka ankaifufuta okha ndi chikhatho, osati ndi dasitala. Tadala atalimba mtima n'kufunsa, anangomuyankha kuti ameneyo ndi mnzawo wa m'kalasi, amusiye amvere nawo. Mwana atandiuza zimenezi ndinasiya kudya.

Tsono za tigalasi. Chaka chimene Tadala anali Fomu 3, khoma lakumbuyo la kalasi yawo linachita mng'alu, wowonda ngati ulusi, kuchokera pansi mpaka pafupi ndi denga. Nyumba yopanda mng'alu ku Kawale ndi iti? Palibe anasamala. Lolemba lina mvula itangoyamba, ana anapeza tizidutswa ta galasi tisanu, totalika ngati chala, titapingasa pamng'alupo, tomatidwa ndi simenti uku ndi uku, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Pambali pa kalikonse panali deti yolembedwa ndi pensulo. Sabata yomweyo atsikana awiri anakomoka m'kalasimo. Basi, nkhani inayaka ngati moto wa lupsa: a Gogoda atchera zithumwa, akufuna kukhwimira ana athu.

Ndinaitanitsa msonkhano ndine. Tinaima kuseri kwa kalasiyo, makolo, ahedi, ndi iwo a Mbewe manja ali kumbuyo. Anafotokoza mofatsa, ngati akuphunzitsa ana. Anati malo onse a kumunsi kuno kale anali nkhuti, maenje amene anthu ankakumbamo dothi loumbira njerwa, ndipo anakwiriridwa ndi zinyalala. Theka la kalasiyo lili pa nthaka yeniyeni, theka lili pa zinyalala zowola, ndipo madzi akalowa, theka limenelo limatsika. Maso sangaone khoma likuyenda. Koma galasi silipindika, ndiye khoma likangosuntha pang'ono pokha, kagalasi kamathyoka n'kukuuza.

Ine ndinaseka mokweza kuti onse amve.

"Abambo, ife si ana a Fomu 1. Khoma lili ndi miyendo kuti liziyenda? Nanga ana akukomokawa, nawonso ali pa zinyalala?"

"Anawo sanadye m'mawa, amake Tadala. Ndawafunsa."

"Zanu izo! Zithumwa zanuzi mukamate kunyumba kwanu."

Ndinali nditatenga mpeni umene ndimadulira zingwe za mabelo. Ndinatema simenti ija, kagalasi kamodzikamodzi, mpaka tonse tisanu, amayi anzanga akuimba nyimbo yothamangitsa ziwanda kumbuyo kwanga. Tinayi tinasweka. Kamodzi kanatuluka kathunthu, ndipo sindidziwa chimene chinandigwira, ndinakamanga pansonga ya chitenje. A Mbewe sanandiletse. Anangoti, "Mwachotsa maso okha, mayi. Khomalo likuyendabe." Loweruka lake ahedi anaitana mmisiri, anamata mng'alu uja, n'kupaka laimu khoma lonse. Linaoneka bwino zedi, loyera mbee.

Za 19 uja ndinadzazimva patapita zaka, zonse zitachitika kale, titakhala awiri ndi a Mbewe pakhonde pawo masana ena a Lamulungu. Sindinawafunse. Anangoyamba okha, maso ali kumsewu. Anati ali ku ntchito yakale ija anapatsidwa kuti aunike damu laling'ono la dothi, la ulimi wothirira, m'boma lina. M'khoma la damulo anazikamo mapaipi oyezera mmene madzi akulowerera m'kati mwa dothi, ndipo munthu wa kumudziko ankayeza n'kumatumiza manambala ku tauni. Manambala onse ankagwirizana, kupatula paipi imodzi imene inapereka 19, kutali ndi zinzake zonse. Iwo ali mu ofesi, tiyi ali pambali, anaganiza kuti woyezayo walakwitsa. Pa ntchito yawo zinali zololedwa kuchotsa nambala yosochera yotero. Anaikhwatcha ndi cholembera chofiira, n'kulemba lipoti loti damu lili bwino.

Mvula ya chaka chomwecho damulo linaphulika, pamalo penipeni pa paipi ija. Kumunsi kwake kunali madimba. Mayi wina amene ankapalira ndiwo zake, mwana ali kumbuyo, anakapezeka mawa lake m'bango, mwanayo akadali pambereko.

Palibe anawaimba mlandu. Mabwana awo anaona lipoti lija n'kunena kuti linalembedwa motsata ndondomeko. A Mbewe anati chimenecho ndicho chinawathamangitsa: akanawatukwana bwenzi zili bwinoko. Anakhalabe pantchito chaka chimodzi, koma akatsegula buku lililonse la manambala ankangoona mzere wofiira uja. Ndiye anatula pansi, n'kuganiza kuti masiku awo otsala akaime pamaso pa ana amene mawa adzagwire zolembera zofiira. Kumene anaphetsa anthu anawatcha katswiri. Kwathu kuno, kumene anapulumutsa ana athu, tinawatcha mfiti, ndipo woyambitsa nyimboyo ndinali ine.

Ndibwerere kusukulu kuja, patapita miyezi chichotsereni tigalasi tija. Munali mu Malichi, mvula itagwa masabata awiri osapuma, kenaka n'kukata. Tsikulo kunacha bwino, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Ana a Fomu 3 ankayamba mayeso a teremu. Ndili pa benchi yanga kumsika, foni inalira. Anali ahedi, akulankhula mwaukali.

"Amayi apampando, bwerani msanga. Gogoda watulutsa ana onse, wakhoma kalasi ndi loko wake, kiyi waika m'thumba."

Ndinakwera kabaza osafunsa ndi mtengo womwe. Nditafika ndinapeza ana atakhala pansi pa mtengo wa kesha, mapepala ali pamaondo, ndipo anthu atadzaza kale kumpanda. A Mbewe anaima kutsogolo kwa chitseko. Zinadziwika kuti titachotsa tigalasi tija, iwo anamata kena kamodzi m'kati mwa kalasi, m'munsi, kuseri kwa kabati. M'mawa umenewo anakapeza katathyoka pakati, mbali ina itatsika kusiya inzake.

Ndinawalunjika.

"Kiyi."

"Sindipereka, mayi."

"Mukufuna ana athu alephere mayeso? Mwaika chiyani m'menemo chimene simukufuna tione?"

"Mulibe kanthu. Ndipo ndikufuna mukhale mopanda kanthu choncho."

Ndinawagwira jekete pachifuwa, mkulu woti akanatha kundibereka. Miyala ya m'thumba mwawo inandigunda pamkono. Ahedi anali atatuma kale kuti abweretse hamala yoswera loko. Pamenepo ndi pamene ndinamva mawu a Tadala kuchokera pansi pa mtengo paja.

"Amayi. Amayi, tangokhalani chete mumve."

Mwana wanga anali asanandiuzepo chibadwire kuti ndikhale chete. Ndinadabwa mpaka ndinakhaladi chete, ndipo anthu onse anatsatira. Kunali zii. Ngakhale mbalame za mumtengo muja sizinkamveka. Kenaka tinamva kaphokoso kochokera m'kalasi yokhomayo, mopanda munthu: the, the, the, pang'onopang'ono, ngati chimanga chikuyamba kuthetheka m'chiwaya. Pakhoma loyera lija laimu ankagwa yekha tizibenthu, mphepo kulibe. Kaphokosoko kanasiya. Tinadikira. Palibe chinachitika. Bambo wina kumpanda anaseka, ena n'kumuthandiza, ndipo ahedi anati zamasewera zatha, n'kunyamula hamala ija kulunjika kuchitseko.

A Mbewe anawagwira mkono n'kuwakokera kumbuyo, ine n'kundikankhira komweko. Sitinafike ndi pamtengo pomwe. Khoma lakumbuyo linangokhala pansi lonse nthawi imodzi, kugwera m'kati, denga n'kulitsatira, malata akulira ngati nyama. Fumbi linatiphimba tonse, loyera, la laimu yemwe uja tinapaka.

Fumbi litachepa ndinayenda ngati wolodzedwa mpaka pamene panagwera khomapo. Tadala ndi wamtali ngati bambo ake, ndiye ankakhala mzere wakumbuyo, msana atatsamira khoma limenelo. Desiki yake ndinaizindikira ndi chikwama chake chobiriwira, chimene ndinamusankhira ndekha m'belo. Chinkangooneka lamba yekha pansi pa njerwa. Ndinakhala pansi m'matope.

Mukuganiza kuti tinawanyamula m'mwamba a Mbewe? Simukutidziwa. Mayi wina anakuwa kuti, "Anadziwa bwanji? Wagwetsa yekha ameneyu!" Wina anati n'chifukwa chake amagogoda pansi, amaitana anzake. Mawu anayamba kukwera, ena akutola kale zibenthu za njerwa. Kenaka onse anatembenukira kwa ine, wapampando, mwini pakamwa, kuti ndinene. Mawu anga amodzi akanatha nkhani yonse. Ndikanangoti mkuluyu anatichenjeza, ine ndi amene ndinachotsa tigalasi. Koma kunena zimenezo kunali kuvomera pamaso pa Kawale yense kuti ndikanapha mwana wanga ndi mpeni wanga womwe. Ndinaweramitsa mutu. Ine amene ndimakangana ndi kondakitala chifukwa cha mpando, tsiku limenelo pakamwa panatsekeka.

A Mbewe anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanaoneke okwiya, ndipo chimenecho chimandipweteka mpaka lero. Anasasa fumbi pajekete, anapereka kiyi uja kwa ahedi ngakhale chitseko chinali chitatsala chokha ndi felemu yake, n'kuyenda kupita kugeti. Atafika pageti anaima, mwa chizolowezi chawo, n'kugogoda pansi katatu. Anthu anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi.

Sukulu ija sinadzukenso. Makolo anachotsa ana, ndipo a Mbewe palibe sukulu ya pafupi imene inawalandira, poti mbiri imathamanga kuposa mwini wake. Anapaka utoto wakuda pakhoma la khonde la nyumba imene ankachita lendi, chakumunsi komweko, n'kuikapo mabenchi awiri. Ana ochepa ankabwera, ambiri mozemba, podzera kuseri. Tadala ndinamutumiza ndine, masana, podzera kumsewu. Anakhoza bwino, lero ndi namwino. Ine ndinkawapititsira tomato, nthawi yozizira juzi yabwino ya m'belo, ndipo ankalandira ndi manja awiri. Tinkacheza, nthawi zina kukangana ndithu, poti iwo ankati ndimathira mchere wambiri m'nkhani ngati m'ndiwo. Koma liwu lakuti pepani linkafika pakhosi n'kubwerera. Ndinkadziuza kuti tomato akunena m'malo mwanga. Bodza, tomato salankhula.

A Mbewe atayamba kudwala, mdzukulu wawo wamkazi anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Ntcheu, ndipo sanabwerenso. Kumaliro kuchokera kuno tinapita anthu atatu. Atafunsa ngati alipo wa ku Lilongwe woti alankhule, ndinayang'ana pansi kachiwiri.

Nyumba yawo yakhala yotseka chichokereni iwo, chifukwa palibe wa kuno amene angagone m'nyumba ya a Gogoda. Sabata zitatu zapitazo ndinaona alandilodi akupaka laimu kumaso kwake. Anati apeza banja lochokera ku Area 25, la ana atatu, losadziwa mbiri ya nyumbayo. Fungo la laimu lija linandikumbutsa khoma la kusukulu kuja. Ndinazungulira kuseri, kumene laimuyo anali asanafike. Pansi pa windo la kuchipinda panali mng'alu, ndipo pamng'alupo kagalasi kamodzi, deti yake ya pensulo ili pambali, ya mwezi umene anawatenga. Kanali katathyoka pakati, mbali ina itatsika. Kanathyoka mwini wake atapita, popanda woti akaone, ndipo mu Kawale monse munatsala munthu mmodzi yekha wodziwa tanthauzo lake.

Ndinawaitana alandilodi n'kuwaonetsa. Anaseka mmene ndinasekera ine tsiku lija.

"Amake Tadala, kodi mkulu uja anakusiyirani inu ntchito yake?"

"Eya, anandisiyira. Muno simugona mwana wa munthu."

Tsiku limene banja lija linabwera kudzaona nyumba, linandipeza nditaima pageti. Anthu anasonkhana, poti kwathu kuno mkangano suchedwa kupeza mboni. Ndinamasula kagalasi kathunthu ka kusukulu kaja, kamene ndakasunga zaka zonsezi, n'kukakweza m'mwamba. Ndinanena zonse, mokweza ngati ndikuitanira malonda: za nkhuti, za sukulu, za mpeni wanga, za chikwama chobiriwira. Ndinati a Mbewe sanali mfiti, anatichenjeza, ndipo amene anatsala pang'ono kupha ana makumi anayi ndine ndaima panoyu. Mayi wa ana atatu uja anazungulira kuseri, anakaona yekha, n'kubwera atagwira ana ake manja. Sanalowe n'komwe m'nyumbamo. Alandilodi sandipatsanso moni, ndipo dzana mayi wina kumsika anakokera mwana wake kufupi ine ndikudutsa. Zilibe kanthu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale khutulo lipweteke.

Nyumbayo ilipobe, theka loyera, theka lofiira, chifukwa laimu anathera panjira. Pakhomo pamera chisoso mpaka m'maondo. Mabenchi awiri aja ali pakhonde, limodzi litagwa chammbali, ndipo pa bolodi lawo lakuda, pakona yapamwamba pamene mvula sifika, 19 akuonekabe mozimiririka m'kati mwa mzere wake wozungulira. Tsiku limene anawatenga analibe mphamvu zoti afufute. M'mawa uliwonse popita kumsika ndimadzera kuseri ndi bokosi la machesi. Sabata yoyamba pamng'alupo pankalowa kamtengo kamodzi. Tsopano pakulowa tiwiri.

Dzulo nditayeza ndinakaima pakhonde paja, pamalo pamene ankaima pophunzitsa. Ndinati pepani, aphunzitsi, mokweza, kwa mabenchi opanda anthu. Kenaka ndinavula patapata n'kugogoda pansi ndi chidendene katatu, n'kupendeketsa mutu. Pansi pa simenti panamveka phokoso ngati la mgolo wopanda madzi.